Mafunso a Owerenga: Madontho a Poliyo, Malungo Obwerera ndi Magazi a Kafukufuku

Makalata ambiri amene afika ulendo uno kuchokera m'maboma a chigawo cha Tete akukhudza chitetezo cha mthupi, ndipo tasankhapo anayi. Ena tawafupikitsa, komanso mayina a olemba tawasunga monga mwa chizolowezi chathu.

Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Ulongwe. Mwana wanga wachiwiri analandira katemera yense wa kusikelo, khadi lake ndi lodzaza, koma kuyambira mu 2022 azaumoyo ankangobwerabwera pakhomo kudzamudonthezera madontho a poliyo n'kumupaka inki pachala. Apongozi anga akuti mankhwala obwerezabwereza chotere amafoola thupi la mwana. Ngati katemerayu alidi wamphamvu, n'chifukwa chiyani kamodzi sikakwana?

Mayi, funso lanu ndi loyenera, ndipo ndikuona kuti azaumoyo akanachita bwino kuliyankha pakhomo pomwepo m'malo mothamangira nyumba yotsatira. Chimene chinawabweretsa chinachitika m'chigawo chathu chomwechi. Mu Ogasiti 2020 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti poliyo wachilengedwe watheratu mu Africa, koma mu February 2022 dziko la Malawi linalengeza kuti mwana wina wa ku Lilongwe wapuwala ndi kachilomboka, ndipo mu Meyi chaka chomwecho kanapezekanso mwa mwana wa m'boma la Changara. Aka kanali koyamba kuti poliyo wa mtundu umenewu aoneke mu Mozambique chichokere 1992. Pofika kumapeto kwa chakacho ana 8 anali atapuwala m'dziko muno, ndipo onsewo anali a m'chigawo cha Tete.

Wina akhoza kunena kuti ana 8 ndi ochepa poyerekeza ndi chipwirikiti chonse chija, koma poliyo amabisala. Kachilomboka kamalowera m'kamwa kudzera m'madzi, chakudya kapena manja okhudzana ndi chimbudzi, kenako kamaswana m'matumbo n'kumatuluka kwa milungu ingapo. Ana ambiri amene akatenga sadwala n'komwe, ena amangotentha thupi pang'ono, ndipo pafupifupi mmodzi yekha mwa ana 200 alionse ndi amene kamamufika mu fupa la msana n'kuwononga mitsempha yoyendetsa miyendo. Tsono mwana mmodzi akapuwala, ndiye kuti pali ena mazanamazana amene akuyenda nako mwakachetechete, akusewera ndi anzawo komanso akutunga madzi pamjigo womwewo.

Kafukufuku ndi amene anauza boma kukula kwa vutoli. Chimbudzi cha ana odwala chinatumizidwa ku malabotale, kuphatikizapo ya ku Johannesburg, kumene akatswiri anawerenga chibadwa cha kachilomboka. Kachilombo ka poliyo kamasintha pang'onopang'ono pa liwiro lodziwika bwino, kotero kuti poyerekeza kamene kapezeka lero ndi kamene kanasungidwa kale, akatswiri amatha kudziwa kumene kanachokera ndi nthawi imene kakhala kakuyenda osaonedwa. Anapeza kuti ka ku Lilongwe ndi ka ku Tete ndi ka banja limodzi ndi kamene kankazungulira ku Pakistan cha m'ma 2019 ndi 2020. Apa zinaonekeratu kuti kanali katakhala nthawi yaitali kuno, ndipo sizikanatheka kungotemera mudzi umodzi n'kupuma.

Tsopano tibwere pa kubwerezaku. M'madontho aja muli kachilombo ka poliyo kamoyo koma kofooketsedwa, monga mmene Albert Sabin anakonzera katemerayu zaka zoposa 60 zapitazo. Kuti thupi liphunzire, kachilombo kofookako kayenera kukhazikika m'matumbo kwa masiku angapo mpaka maselo oteteza thupi akazindikire n'kuyamba kupanga ma antibodi, amene ali timapuloteni tomata pa kachilomboko kuti kasalowe m'maselo. Vuto n'lakuti si ulendo uliwonse pamene kamakhazikika. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ofufuza a ku Vellore m'dziko la India anaona kuti madontho amene amagwira ntchito bwino kwambiri mwa ana a ku Ulaya ndi ku America amalephera kawirikawiri mwa ana a m'mayiko otentha. Zifukwa zake zimadziwika ndi mayi aliyense wa kumudzi: mwana amakhala akutsegula m'mimba tsiku la katemera ndiye madonthowo amangodutsa, kapena m'matumbo mwake muli kale tizilombo tina tolimbirana malo, kapenanso ndi wonyentchera moti thupi lake silikuyankha mwamphamvu. Alimi a ku Angónia amadziwa kuti si phando lililonse limene limamera, n'chifukwa chake amabwerera m'munda kukapakiza. Kusiyana kwake n'kwakuti m'munda mumaona ndi maso pamene sipanamere, pamene mwa mwana simungadziwe popanda kuyeza magazi, ndipo kuyeza ana mamiliyoni kungakhale kodula kwambiri kusiyana ndi kungowadonthezera onse kachiwiri.

Palinso chifukwa china. Chitetezo cha m'magazi chimatchinjiriza mwana wanu kuti asapuwale, ndipo chimakhalitsa, koma chitetezo cha m'matumbo, chimene chimalepheretsa kachilombo kuswana n'kufalikira kwa ena, chimazilala pakapita nthawi. Mwana wa khadi lodzaza akhoza kukhala wotetezeka iye mwini koma n'kupatsira khanda la kwa aneba limene silinatemeredwe. Madontho obwereza amadzutsanso chitetezo cha m'matumbocho.

Kunena zoti thupi limafooka ndi madontho ambiri, apongozi anu muwauze mwaulemu kuti mantha amenewo alibe maziko, pakuti mwana wokwawa amameza tizilombo tambirimbiri tsiku lililonse ndipo thupi lake limathana nato popanda kutopa. Koma sindikubisirani mbali ina imene ofufuza eniake amaivomereza poyera. Kachilombo kofooketsedwa kaja kakapeza dera limene ana ambiri sanatemeredwe, kakhoza kuyenda kuchoka kwa mwana wina kupita kwa wina kwa miyezi yambiri mpaka kupezanso mphamvu zopuwalitsa, ndipo izi zachitikapo mu Mozambique muno. N'chifukwa chake anapanga mtundu watsopano wa madontho wosasinthika msanga, umene unayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2021, komanso n'chifukwa chake kusikelo anawonjezerako jakisoni wa poliyo wokhala ndi kachilombo kakufa. Ngoziyi imagwera dera limene lasiya ana osatemera, osati mwana amene walandira kambiri. Ana oposa 50 miliyoni anatemeredwa m'mayiko asanu a kuno kummwera, ndipo mu Meyi 2024 mliri wa poliyo wachilengedwe uja unalengezedwa kuti watha ku Malawi ndi ku Mozambique.

Ndinakulira ku Furancungo ndipo malungo sankandivuta, ndinkangomva kuphwanya m'thupi mawa lake n'kupita kumunda. Ndagwira ntchito zaka zingapo ku Johannesburg, ndipo nditabwera kudzaona makolo nyengo ya mvula ndinadwala malungo mpaka kugonekedwa m'chipatala. Anzanga akuti magazi anga anasanduka achizungu. Kodi chinachitika n'chiyani, nanga katemera wa malungo amene tikumumva angandithandize?

Bambo, magazi anu sanasinthe mtundu ayi. Chimene munali nacho muli ku Furancungo ndi chitetezo chosakwanira chimene munachipeza movutikira muli mwana, mutadwala malungo kambirimbiri, ndipo mwina amayi anu amakumbukira bwino matendawo kuposa inu. Chitetezo chimenechi sichiletsa tizilombo kulowa m'magazi, chimangotichepetsa n'kuletsa matenda kukula, moti akuluakulu ambiri a m'madera a udzudzu amayenda ndi tizilombo ta malungo osadziwa. Kuti chikhalebe champhamvu chimafuna kukumbutsidwa ndi kulumidwa kwa nyengo ndi nyengo. Ku Johannesburg kulibe malungo ofalikira, choncho ma antibodi anu anatsika, ndipo mutabwerera tizilombo tinapeza khomo lotsekula.

Funso limene lasowetsa tulo ofufuza kwa zaka zambiri ndi lakuti, bwanji chikuku munthu amadwala kamodzi basi moyo wake wonse, pamene malungo amabwerera chaka ndi chaka? Yankho lili pa kuchenjera kwa kachilombo kotchedwa Plasmodium falciparum, kamene kamayambitsa pafupifupi malungo onse kuno kwathu. Udzudzu ukakulumani, tizilombo timathamangira kuchiwindi n'kubisala m'maselo ake pafupifupi mlungu umodzi, tikuchulukana popanda inu kumva kanthu. Tikatuluka timalowa m'maselo ofiira a magazi, ndipo kunja kwa selo lililonse logwidwa timaikako puloteni yomata imene imalikakamiza kumakoma a mitsempha ya magazi kuti lisafike kukapamba, kumene likanawonongedwa. Kumata kumeneku kukachitika mu ubongo ndi pamene mwana amakomoka. Thupi limaphunzira kuzindikira puloteniyo, koma kachilombo kamodzi kali ndi mitundu pafupifupi 60 ya puloteni yomweyo, ndipo kamasinthanitsa thupi likangoyamba kuzolowera. Pamafunika zaka kuti munthu akumane ndi mitundu yokwanira.

Nkhani yomweyi ikufotokozanso chifukwa chake mayi amene ali ndi pathupi poyamba amadwala malungo ngati mlendo ngakhale sanachokepo pamudzi. Pali mtundu wina wa puloteni ija umene umamatira kunsengwa yokha, ndipo thupi la mayiyo silinakumanepo nawo. N'chifukwa chake kusikelo ya amayi oyembekezera amapereka Fansidar ngakhale kwa amene sakumva kudwala.

Za katemera, dziko lathu lili ndi mbiri yoti tinyadire. Katemera woyamba wa malungo, wotchedwa RTS,S, anayamba kukonzedwa mu 1987, ndipo umboni woyamba wooneka woti angateteze ana a mu Africa unachokera ku Manhiça m'chigawo cha Maputo, pa likulu la kafukufuku limene linatsegulidwa mu 1996. Zotsatira zake zinatuluka mu 2004 atayesa ana oposa 2,000. Kenako panachitika kafukufuku wamkulu kuyambira 2009 mpaka 2014 m'mayiko 7, kuphatikizapo Mozambique ndi Malawi, wokhudza ana oposa 15,000. Mwa ana amene analandira jakisoni kanayi, malungo anachepa ndi pafupifupi 4 pa 10 alionse m'zaka zinayi, ndipo malungo aakulu anachepa ndi pafupifupi 3 pa 10. Ena ananyoza kuti chiwerengero chimenechi n'chochepa, koma ine sindigwirizana nawo, chifukwa pa matenda amene amapha ana mazana a masauzande chaka chilichonse, gawo limenelo ndi ana ambiri zedi. Malawi, Ghana ndi Kenya anayamba kumupereka mongoyesa mu 2019, ndipo imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayu zinatsika ndi 13 peresenti m'madera amene ankaperekedwa. WHO inamuvomereza mu Okutobala 2021, ndipo mu 2023 inavomerezanso wachiwiri, R21, wokonzedwa ndi akatswiri a ku Oxford. Ameneyu ndi amene Mozambique inayamba kupereka mu 2024, kuyambira m'chigawo cha Zambézia.

Akatemera onse awiri amalimbana ndi kachilombo pa kanthawi kochepa kamene kali pa ulendo wochoka pakhungu kupita kuchiwindi, ndipo amaperekedwa kwa ana aang'ono okha, osati kwa akuluakulu ngati inu. Ulendo wina musananyamuke, kafunseni kuchipatala za mankhwala oteteza apaulendo, muzigona m'neti usiku uliwonse, ndipo thupi likangotentha muli kuno kapena patapita milungu ingapo mutabwerera, kayezetseni tsiku lomwelo n'kuwauza adokotala kumene munali. Amuna ambiri obwerera ku Joni amachedwa pamenepa, poganiza kuti ndi chimfine.

Ndine mphunzitsi ku Domwe. Anthu a kafukufuku akabwera kudzatenga magazi, makolo ena amathawitsa ana ponena kuti ndi anamapopa. Ineyo sindikhulupirira zimenezo, komabe ndimasowa chowayankha akandifunsa kuti magaziwo amapita nawo kuti ndipo ife timapindulanji.

Aphunzitsi, poyamba musawaseke makolowo. Mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa mu 2017 kummwera kwa Malawi, ndipo tiyenera kuzikana mwamphamvu, koma kukayikira munthu wachilendo wofuna magazi a mwana wako si umbuli. Mbiri ya zachipatala ili ndi zonyansa zake. Ku Tuskegee m'dziko la America, kuyambira 1932 mpaka 1972, amuna akuda mazana angapo odwala chindoko anasiyidwa osapatsidwa mankhwala, ngakhale penisilini atapezeka, pofuna kungoona mmene matendawo amawonongera thupi. Malamulo okhwima amene alipo lero anabadwa chifukwa cha zinthu zotere.

Mu Mozambique kafukufuku aliyense wokhudza anthu ayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, ndipo yaikulu ya dziko lonse ndi Comité Nacional de Bioética para a Saúde. Makolo ali ndi ufulu wofunsa kalata ya chilolezo, wofotokozeredwa m'Chichewa cholinga cha kafukufukuyo, kuchuluka kwa magazi amene atengedwe, kumene akasungidwe ndi zoopsa zimene zingakhalepo, komanso wokana kapena kusiyira panjira popanda kumanidwa chithandizo kuchipatala. Chilolezo cha mfumu chimatsegula mudzi, koma sichilowa m'malo mwa chilolezo cha kholo. Ofufuza amene akukwiya ndi mafunso, kapena ofuna chidindo cha chala papepala limene sanaliwerenge mokweza, amenewo ndiwo olakwa, ndipo mukanene ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu.

Magazi amene amatengedwa ndi ochepa kwambiri. Munthu wamkulu ali ndi malita pafupifupi 5, pamene kabotolo ka labotale kamalowa mamililita ochepa chabe, ndipo kwa ana nthawi zambiri amangobaya chala n'kudontheza papepala. M'madonthowo amafufuzamo tizilombo, amawerenga maselo, kapena amayeza ma antibodi, amene amasunga mbiri ya matenda ndi akatemera amene thupi linakumana nawo. Umu ndi mmene kafukufuku wa INSIDA wa mu 2021 anapezera kuti anthu 12.5 pa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo m'dziko muno ali ndi HIV, chiwerengero chimene boma limagwiritsa ntchito poitanitsa mankhwala.

Phindu lake silibwera tsiku lomwelo, ndipo nthawi zina silifika kwa wopereka magaziyo, izi muwauze makolo mosabisa. Koma zitsanzo zilipo. Ku Beira, pakati pa 2003 ndi 2004, anthu anamwa katemera wa kolera ndipo ofufuza anapeza kuti anateteza pafupifupi 78 peresenti, mumzinda umene anthu ambiri ali ndi HIV. Umboni umenewo unathandiza kuti katemera wakumwa ayambe kudaliridwa pa miliri ya kolera. Mu 2011 kafukufuku wa mabanja amene mmodzi ali ndi HIV pamene mnzake alibe, amene ena mwa iwo anali a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, anasonyeza kuti kuyamba ma ARV msanga kumachepetsa kupatsirana ndi 96 peresenti, ndipo izi zinathandiza kusintha ndondomeko ya dziko lonse lapansi. Palinso kafukufuku amene analephera. Atsikana ndi amayi oposa 2,600 a ku Mozambique, Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa anayesa katemera wa HIV pa kafukufuku wotchedwa Imbokodo, ndipo mu 2021 ofufuza analengeza kuti sanateteze mokwanira, n'kumusiya. Kwa ine kulengeza kotereku ndi chizindikiro chachikulu cha kafukufuku woona, chifukwa wogulitsa mankhwala abodza sanenapo kuti mankhwala ake alephera.

Mchimwene wanga amagwira ntchito ku Moatize ndipo ali pa ma ARV. Wayamba kugula mabotolo a mankhwala amene akuti amakweza asilikali a mthupi, ndipo akuganiza zopumira kaye mapiritsi. Kodi ndimuuze chiyani?

Achemwali, muuzeni kuti asasiye ngakhale tsiku limodzi. Asilikali amene akunenedwawo ndi maselo a CD4, amene ntchito yawo ndi kulamula maselo ena oteteza thupi, ndipo mwa munthu wathanzi amakhala pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho kakang'ono koyezera. HIV imalowa m'maselo amenewa n'kuwasandutsa malo oswanirana, ndipo akatsika kufika pansi pa 200 matenda monga chifuwa chachikulu ndi oumitsa khosi amapeza mpata. Ma ARV sapanga asilikali, amangoletsa kachilombo kuswana, ndipo thupi limadzibwezeretsa lokha pang'onopang'ono. Kachilomboka kamakhalabe kobisika m'maselo ena ogona, moti munthu akasiya mapiritsi kamabwereranso m'magazi pakangopita milungu yochepa, nthawi zina katapima mankhwala amene ankamwa. Palibe botolo la pamsika limene linasonyezedwa pa kafukufuku kuti limaletsa zimenezi, ndipo zitsamba zina zimasokoneza kagwiridwe ka ma ARV kapena kuvulaza chiwindi ndi impso. Atenge botololo apite nalo kuchipatala kumene amalandirira mankhwala kuti akaone zimene zalembedwapo.

Popeza mwatchula Moatize, kumene kuli migodi ya malasha, muwonjezere chinthu chimodzi. Fumbi la miyala ya m'migodi limawononga maselo a m'mapapo amene amameza tizilombo ta TB, ndipo fumbi likaphatikizana ndi HIV chiopsezo chimakula kwambiri. Chipsera cha BCG chimene ali nacho pamkono asachidalire, pakuti katemera ameneyu, amene anayamba kuperekedwa mu 1921, amateteza bwino ana aang'ono ku TB yoopsa koma akuluakulu sawateteza modalirika, monga kafukufuku wa zaka zambiri wa ku Karonga anasonyezera. Katemera watsopano wotchedwa M72, amene anateteza pafupifupi theka la akuluakulu pa kuyesa kwa ku Kenya, Zambia ndi South Africa, analowa gawo lomaliza la kuyesedwa mu 2024. Pakadali pano, akayamba kutsokomola, kutuluka thukuta usiku kapena kuonda, apereke makhololo kuti ayezedwe, ndipo ngakhale alibe zizindikiro afunse anamwino ngati akuyenera kulandira mankhwala oteteza TB amene amaperekedwa kwa anthu a pa ma ARV.